Musanaike filimu ya nkhondo pa balaza, yambani mwayiyeza chonchi

Makolo anzanga a kuno ku Mangochi, nkhani ya mafilimu a nkhondo tiikambe bwinobwino chifukwa ana athu akuonera zambiri masiku ano kuposa mmene ife tinkaonera ku vidiyo sho kale. Pano filimu imalowa yokha m'nyumba, ina pa memole kadi, ina pa fulashi, ina mwana waitenga pa foni ya mnzake, ina mwabenetsa nokha pa msika ndi ndalama zanu, nde madzulo magetsi akakhalapo aliyense wasonkhana pa balaza kuyambira agogo mpaka kamwana ka Sitandade 2, munthu wangodina rimoti osadziwa kuti mkatimo muli chani. Ine mafilimu a nkhondo zakale ndimawakonda kwambiri ndipo sindikunena kuti muwaletse, ayi, ena amamufika mwana pa mtima kuposa notsi za m'kalasi. Koma pali mafunso awiri amene timawasakaniza pomwe ndi osiyana: kodi filimuyi ndi yabwino, ndipo kodi ndi yoyenera anthu amene akhale pa balaza panga lero? Filimu itha kukhala yapamwamba zedi, yonena zoona, koma yosayenera mwana wa zaka 9. Ina itha kukhala yopanda magazi, yopanda zotukwana, koma bodza lokhalokha. Funso lililonse muziliyankha palokha.

Poyambira penipeni ndi dzina. Anyamata obena mafilimu aja nthawi zambiri amalemba okha maina pa kompyuta, mupeza alemba "nkhondo 3" kapena "komando part 2", ukafunsa amangoti "bwana iyi ndi yabho, muli kuwombana kuyambira poyamba mpaka pomaliza". Zimenezo sizikukuuzani kanthu. Muuzeni kuti achimwene tayitseguleni pang'ono ndione poyambira, dzina lenileni limatuluka m'maminitsi oyamba kapena kumapeto kwenikweni kumene amalemba maina a anthu. Likopereni pa foni pamodzi ndi chaka ngati chaoneka. Popanda dzina simungafufuze china chilichonse.

Mukapeza dzina, onani msinkhu umene anaiyikira. Apa pali zilembo za mayiko osiyanasiyana nde zimasokoneza. Za ku America zimayenda chonchi: G ndi ya aliyense, PG kholo likhalepo, PG-13 akuchenjeza za ana osafika zaka 13, R ndiye kuti wosafika zaka 17 asaonere popanda wamkulu. Za ku Britain mupeza U, PG, 12, 15 ndi 18. Amene muli ndi DStv kapena GOtv mumaona nambala ngati 13, 16, 18 ndi zilembo pambali pake, zilembozo musamazidumphe chifukwa ndi zimene zikunena vuto lenileni: V ndi nkhanza ndi magazi, L ndi kutukwana, S ndi zogonana, N ndi umaliseche. Filimu yolembedwa 16 V yokha ndi yosiyana kwambiri ndi yolembedwa 16 VSN. Komanso dziwani kuti PG-13 inayamba mu 1984, choncho filimu yakale ya zaka za m'ma 1970 yolembedwa PG itha kukhala yolemera kuposa mmene mukuganizira. Ngati muli ndi kabando kochepa, lembani dzina la filimuyo pa Google ndi mawu oti parents guide, tsamba la IMDb limatuluka ndipo limaika padera nkhanza, zotukwana, zogonana ndi zoopsa, mpaka kufotokoza chimene chikuchitika pa malo amenewo. Amalemba ndi anthu wamba oonera, nde sikuti ndi lamulo, koma zimathandiza.

Koma nambala zimenezi anaika ndi anthu a kunja poganizira ana a kwawo. Iwo sakudziwa kuti kwanu mumaonera pamodzi ndi apongozi. Kupsompsonana kumene kwa iwo ndi nkhani ya PG, kuno bambo amayamba kufunafuna rimoti, mayi anyamuka kupita kukhitchini opanda chokatenga. Nchifukwa chake sitepe yachitatu ndi imene sindingalole kuti muidumphe: ionereni nokha kaye. Mayi salola ndiwo kupita kwa alendo asanalawe mchere. Ngati nthawi palibe yoti muonere maola awiri kapena atatu, ikani pa foni ndi mahedifoni, onerani maminitsi 20 oyamba onse osadumpha chifukwa mafilimu ambiri a nkhondo amayamba ndi nkhondo yoopsa kuti akugwire, kenako muziyendetsa pang'onopang'ono, kuima paliponse pamene pali usiku, chipinda chogona, ndende, chipatala cha asilikali, kapena asilikali akulowa m'mudzi. Pomaliza onerani maminitsi 30 otsiriza.

Poonera apo musamangowerenga kuti afa angati. Kufa kwa mu filimu kuli mitundu. Pali pamene kamera ili patali, bomba laphulika, anthu agwa, nkhani yapitirira, ana ambiri a zaka 12 kapena 13 amapirira zimenezo. Pali pamene kamera yafika pafupi ndipo sikuchoka, munthu mwendo waduka akuitana amake, matumbo ali panja, mnzake akuyesa kutseka bala ndi manja magazi akudutsa pakati pa zala. Chimenecho chimakhala m'mutu mwa mwana masabata, ena amayamba kukana kugona okha, ena kukodza pogona pomwe anasiya kalekale. Ndipo zimene zimavulaza kwambiri nthawi zina si mfuti ayi. Ndi kuzunza mkaidi, kugwiririra amayi, kupha ana, munthu kudzipha, anthu kuwatsekera m'nyumba n'kuyatsa moto. Mafilimu onena za kuphedwa kwa Ayuda mu nkhondo ya 1939 mpaka 1945, kapena za ku Rwanda mu 1994, ambiri ndi ofunika kwambiri ndipo mwana wa Fomu 3 kapena Fomu 4 ayenera kudziwa kuti zimenezi zinachitika, koma si za mwana wa pulaimale, olo filimuyo itatchuka bwanji. Mukapeza malo ovuta amodzi kapena awiri okha, lembani miniti yake pa pepala, mwachitsanzo 47 mpaka 50, kuti podzaonera ndi banja mudzadumphe musanafike. Akapitirira anayi kapena asanu, ingoisiyani, imeneyo ndi ya akuluakulu.

China choti muyang'ane, makamaka kuno kwathu kumene Asilamu ndi Akhristu timakhala khomo ndi khomo, timakwatirana, timaikirana maliro: filimu ikuonetsa bwanji chipembedzo cha anthu? Alipo mafilimu amene aliyense wovala mkanjo ndi chisoti ndi chigawenga, alipo ena amene aliyense wonyamula mtanda ndi chilombo. Mwana akaonera zotere mawa akakhala benchi imodzi ndi mnzake wa chipembedzo chinacho. Filimu yotere ine siilowa m'nyumba mwanga ngakhale ilibe dontho la magazi.

Tsopano nkhani ya ma DJ omasulira m'Chichewa. Amathandiza, osakana, agogo ndi ana amatsata nkhani chifukwa cha iwo. Koma dziwani kuti filimu yomasuliridwa ndi filimu ina. Wina amaonjezera nthabwala pamene munthu akufa, wina amaika mawu olaula amene mu Chingelezi munalibe, wina amasintha maina a mayiko, Ajeremani asanduka ma Russia, nkhondo ya ku Vietnam yasanduka ya ku China. Msinkhu umene mwaupeza pa intaneti uja sukukhudza mawu a DJ. Nde ngati mukaonetse yomasulira, imene muyese ndi yomasulirayo, osati ya Chingelezi. Mukamva DJ akuseketsa anthu pamene mudzi ukuwotchedwa, fufutani, kafuneni ina.

Tikatha za kuyenera, tibwere ku funso la ubwino, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse. Filimu ya mbiri yakale imakhala ndi ngongole kwa anthu amene anafadi. Mawu aja amalemba poyamba oti nkhaniyi yachokera pa zimene zinachitikadi asakugonetseni tulo, nthawi zina choona ndi dzina la nkhondo ndi chaka basi, zina zonse ndi zopeka. Njira yophweka yoyesera ndi kuona zaka ndi zida. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse ndi 1914 mpaka 1918, yachiwiri 1939 mpaka 1945. Akasinja anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1916 ku France. America inalowa nkhondo yoyamba mu 1917, yachiwiri mu December 1941. Mfuti ya AK-47 inabwera nkhondo yachiwiri itatha. Nde mukaona msilikali wa 1914 wanyamula AK, kapena helikopita ikutera pakati pa maenje a nkhondo yoyamba, dziwani kuti opanga filimuyo sanasamale, ndipo amene sanasamale za mfuti sangasamale za anthu. Sindikunena kuti kalikonse kakhale ndendende, opanga mafilimu amaphatikiza anthu atatu kukhala mmodzi, amafupikitsa miyezi kukhala masiku, zimenezo n'zomveka. Chosavomerezeka ndi kusintha amene anayamba nkhondo, amene anapha, amene anaphedwa, ndi amene anapambana.

Kenako dzifunseni kuti ndani akusowa mu filimuyi. Funso limeneli ife a ku Mangochi tili ndi ufulu wonse wolifunsa chifukwa nkhondo zimenezi zinadutsa pakhomo pathu. Aliyense amene wadutsa pa Clock Tower pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi waona mfuti ija ili pamenepo. Inachokera pa sitima ya Gwendolen, imene mu August 1914 inawoloka nyanja yathu yomweyi n'kukawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pa doko la Sphinxhaven, kumene pano kumatchedwa Liuli ku Tanzania, nkhondo itangoyamba kumene. Mwezi wotsatira, September 1914, kunamenyedwa nkhondo ku Karonga. Anyamata a dziko lino analowa gulu la asilikali a boma la atsamunda lotchedwa King's African Rifles (KAR), ndipo ochuluka kuposa iwo anatengedwa kukhala amtengatenga, kusenza chakudya ndi zipolopolo pamutu mitunda yosaneneka mpaka ku Tanganyika ndi ku Mozambique, ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda osawomberedwa n'komwe. John Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times kumapeto kwa 1914 kudandaula kuti anthu akuda akukhetsa magazi pa nkhondo yosakhala yawo, ndipo mu January 1915 anaukira. Pa nkhondo yachiwiri asilikali a kuno anakamenya ku Ethiopia, ku Madagascar, mpaka ku nkhalango za Burma mu 1944. Chipilala chija chokumbukira asilikali a KAR cha ku Zomba chili ndi chifukwa.

Nde mukamaonera filimu ya nkhondo ya ku Africa kapena ku Burma, onani kuti munthu wakuda akupezeka pati. Kodi ali ndi dzina? Akuyankhula? Ali ndi mkazi ndi ana kwawo amene akuwaganizira? Kapena ntchito yake ndi kunyamula katundu wa bwana kumbuyo, n'kufa mu miniti ya 15 popanda womulira? Mafilimu akale ambiri a nkhondo za atsamunda amaonetsa azungu ochepa olimba mtima atazunguliridwa ndi khamu la anthu akuda okuwa, osafotokoza kuti azunguwo akufuna chani m'dziko la eni. Kuno tikudziwa kuti nkhani siinali choncho basi. Boma la Fort Johnston, limene pano ndi Mangochi, linakhazikitsidwa mu 1891 pa nthawi ya nkhondo za Harry Johnston ndi mafumu monga Makanjira ndi Jalasi, ndipo m'nkhani imeneyo muli zonse ziwiri, muli malonda a ukapolo amene anali oipa, mulinso kulanda dziko. Filimu yabwino imatha kunyamula zinthu ziwiri zotere nthawi imodzi. Filimu yofooka imasankha mbali imodzi kukhala angelo.

Chimodzimodzi ndi mdani. Yang'anani ngati asilikali a mbali inayo akuoneka ngati anthu, akuopa, akulemba makalata, akumva njala. Ndipo yang'anani mwini filimu. Tonse tinakula tikudziwa kuti mwini filimu safa, zipolopolo zake sizitha, awombera anthu 50 iye kangokandika pa phewa. Pa filimu ya karate zilibe kanthu. Koma pa filimu yoti ikunena mbiri, zimenezo zikumuuza mnyamata wanu kuti nkhondo ndi masewero ndipo wolimba mtima sapwetekeka. Zoona zake n'zoti olimba mtima ndi amene ankafa msanga, ndipo obwerako ankabwera ena opanda miyendo, ena osagona tulo moyo wawo wonse. Filimu yabwino imakuonetsa kudikira, matope, nsabwe, malungo, lamulo lopusa lochokera kwa mkulu amene ali kutali, mayi akulandira uthenga. Imakuonetsanso anthu wamba, amene minda yawo yasanduka bwalo la nkhondo. Kayeso kanga kosavuta ndi aka: filimu ikatha, kodi ndikukumbuka maina a anthu atatu ndipo ndinamva chisoni mmodzi atafa? Ngati chimene ndikukumbuka ndi kuphulika kokha, filimuyo inali phokoso.

Zina za luso ndingodutsamo mwachangu. Mawu azimveka, chithunzi chisakhale chojambulidwa ndi foni mu holo mitu ya anthu ikudutsa, ndipo ngati pali mawu olembedwa pansi agwirizane ndi zimene akuyankhula. Pa nthawi ya kumenyana muzitha kudziwa kuti awa ndi ati, akufuna kufika pati, chavuta n'chani. Ngati inu wamkulu mwasokonezeka, mwana sangatolepo kanthu.

Mukakhutira kuti filimu ndi yabwino, werengani anthu a pa balaza, osati ana okha. M'maboma a m'malire ngati athu ano muli anthu amene anathawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, imene inatha mu 1992, nthawi imene Malawi inasunga othawa kwawo oposa 1 miliyoni. Ena anakhazikika konkuno, kumbali ya Namwera, Chiponde, Katuli, ndi agogo a ana athu pano. Kwa iwo kulira kwa mfuti usiku si nkhani ya pa TV. Muli mabanja amene mwana wawo ndi msilikali, mwina ali ku Monkey Bay, mwina anapita ku DRC kukasungitsa mtendere kumene asilikali athu ena anatayako miyoyo. Afunseni mwaulemu musanayambe, "agogo, filimu yalero ndi ya nkhondo, muli kuwombana, tiike kapena tisinthe?" Akangoti "ikani ana aonere, ine ndikagone", mvetsani kuti ayankha, ndipo tsitsani voliyumu chifukwa khoma la chipinda chawo si lokhuthala.

Kwa ana, ine ndimagawa motere, ndipo awa ndi maganizo anga, mwana wanu mumamudziwa ndinu. Osafika zaka 10, mafilimu a nkhondo enieni ayi, muwafotokozere ndi pakamwa. A zaka 10 mpaka 13, okhawo amene kamera ili patali, inu mulipo, ndipo masana kapena kumadzulo dzuwa lisanalowe, osati filimu ithe 11 koloko mwana apite kukagona ndi mitembo m'maso. Kuyambira zaka 14 mpaka 16 atha kuonera zolemerapo ngati mwadumpha malo munalemba aja. Kumbukiraninso ana a aneba amene amadzaza pa windo ndi pakhomo TV ikangoyaka, makolo awo sanakupatseni chilolezo, nde tsekani katani kapena dikirani apite.

Poonera, rimoti ikhale m'manja mwanu. Musanayambe nenani mawu awiri atatu, iyi ndi nkhondo yakuti, chaka chakuti, awa akumenyana ndi awa chifukwa chakuti. Muziyang'ana nkhope za ana kuposa sikilini. Mwana wamantha sanena kuti ndikuopa, makamaka akulu ake akakhalapo, amangokhala chete, kapena kuseka mokweza kwambiri, kapena kusendera pafupi ndi amake. Akafunsa kuti "adadi, amene uja wafadi?" imitsani filimu, muuzeni zoona zonse ziwiri: uyu ndi wosewera chabe, magaziwo ndi penti, atatha kujambula anadzuka kupita kwawo, koma nkhondoyi inachitikadi ndipo anthu enieni anafa chonchi. Osamuuza kuti zonse ndi zabodza, komanso osamuseka. Akati sakufunanso, mulekeni atuluke, wina amuperekeze.

Ikatha musangothimitsa n'kubalalika. Funsani kuti ndani wakumvetsa chisoni, ukanakhala iwe ukanatani, ndi chani chimene ukuganiza kuti opanga filimu anaonjezera. Ana a sekondale apatseni ntchito yofufuza chinthu chimodzi cha mu filimuyo ngati chili choona, adzakuuzeni mawa pa chakudya. Ndipo Loweruka lina mukapita ku boma, dutsani nawo pa Clock Tower aone mfuti ya Gwendolen ndi maso, lowani nawo mu Lake Malawi Museum, si patali, mtunda woyenda pansi. Ngati m'banja mwanu munali munthu amene anapita ku KAR kapena ku tengatenga, funsani akuluakulu amene atsala akuuzeni dzina lake ndi kumene anafika, mulilembe penapake ana aliwone.

Chomaliza ndi kasungidwe. Filimu imene mwaiona kuti ndi ya akuluakulu isakhale pa fulashi imodzi ndi makatuni, gulani ina yapadera muzisunga kuchipinda kwanu. Pa dikoda ikani PIN, ndipo isakhale chaka chanu chobadwa kapena 1234 chifukwa zimenezo ana amayesa poyamba. Pa foni imene mumabwereka ana, filimu yotere mukamaliza kuonera ifufuteni, onaninso mu foda ya WhatsApp ndi ya zolandira pa Bluetooth chifukwa makope ena amatsalira m'menemo.